Nsagwada Imene Ndinapita Nayo ku Ndola

Zimene ndikulemba panozi sindinaziululepo kwa mkazi wanga, kwa ana anga, ngakhale kwa ansembe amene ndakhala ndikugwada pamaso pawo zaka zonsezi. Kwa ansembe ndinkalapa za mowa ndi za kupsa mtima, zimene mkulu aliyense amalapa. Izi zokha ndinkazisiya pakhomo la tchalitchi, n'kuzitolanso potuluka. Kulemba ndinaphunzira imvi zitayamba kale, kusukulu ya akuluakulu, choncho mundikhululukire pamene mawu anga atsimphine.

Ndinanyamuka kwathu ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe, Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa, kunja kukuzizira monga kumachitira mu Juni. Mkazi wanga, amake Veronika, ndinawauza kuti ndikupita ku Ndola kukaona alamu anga a Bibiana, mkazi wa malemu mng'ono wanga Fabiano. Limenelo silinali bodza, komanso sichinali chifukwa chenicheni.

"Mwawakumbukira lero alamu anu?" anatero akundiyang'ana cham'mbali. "Zaka zitatu simunapondeko. Buledi mwangomunyika mu tiyi n'kumusiya. Atate ake a Veronika, inu mukudwala."

"Sindikudwala. Buledi wa masiku ano ndi wolimba."

"Buledi ndi yemweyo, akalamba ndi mwiniwake. Tengani juzi."

Chifukwa chenicheni chinali nsagwada. Kwa miyezi inayi nsagwada yanga yakumanzere inali ikuwawa, pamfundo paja pamene imalumikizana ndi mutu, kutsogolo kwa khutu. Poyamba inkangolira kuti "kha" ndikamatafuna, ngati chitseko cha mahinji a dzimbiri. Kenaka ululu unayamba kukwera m'mutu, makamaka podzuka m'mawa. Ndinasiya nzimbe, ndinasiya chimanga chowotcha, nyama nayo ndinaisiya, ndipo ofunsa ndinkawauza kuti ndikusala. Ndinkadzithowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha kubafa, kumene palibe wondiona, ndipo panado ndinkakagula kutali ndi kwathu. Zinkathandiza tsiku limodzi, mawa lake n'kuyambiranso. Lamulungu lapitalo pa Misa ndinalephera kuyasama polandira Ukaristia, paja ine ndine wachikale, ndimalandirira palilime. Wansembe anaima kudikira, ine ndikulimbana ndi pakamwa panga, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga. Ndi tsiku limenelo pamene ndinavomera mumtima kuti mwina matenda amene anapha Fabiano andipeza. Nayenso anayambira nsagwada yakumanzere.

Zipatala ku Kitwe zilipo, koma ku Kitwe sungakhale pabenchi ya chipatala popanda mayi wina wa kutchalitchi kukuona, ndipo pofika madzulo nkhani imakhala itakupitirira kale kunyumba. Ndinafuna kukamvera chiweruzo changa kumene palibe wondidziwa.

Minibasi yopita m'tauni inali teni kwacha. Ndinakhala kumbuyo kwa dalaivala, dengu la tomato la mayi wina litanditsamira pabondo. Ife amene tinaphunzira kuwerenga mochedwa tili ndi matenda athu: sitingaone chilembo n'kuchisiya chidutse. Ndinawerenga mayina a mashopu, mitengo ya nkhuku, zikwangwani za asing'anga obweza akazi othawa. Pagalasi lakutsogolo panalembedwa m'Chibemba kuti woyendetsa galimotoyi ndi Mulungu, ndipo poona mmene dalaivalayo ankagwera m'maenje, ndinakhulupirira kuti ntchitoyo anamusiyiradi Mulungu yekha. Dzenje lililonse linkandifika m'khutu. Ndinagwira tsaya ndi dzanja ngati munthu woganiza zakuya.

Pasiteshoni m'tauni ndinalipira sevente kwacha ya ku Ndola. Kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi yekha kuti tinyamuke. Munthu mmodziyo tinamudikira pafupifupi ola lathunthu, ndipo anabwera m'magawo asanu ndi awiri. Pambali panga panakhala mayi wina wa thupi lake, wamalonda a kaunjika, amene mitolo yake inadya mipando iwiri yakumbuyo. Anagula pawindo chinangwa chowotcha ndi mtedza, chakudya chimene ndakhala ndikuchikonda chifikire kuno, n'kundipatsira.

"Shikulu, tengani," anatero m'Chibemba, ndiko kuti agogo.

Kukana chakudya cha munthu amene mwakhala naye mpando umodzi ndi chinthu chovuta. Ndinathokoza, n'kunena kuti nsagwada yavutako pang'ono. Atamva Chibemba changa, chimene mpaka lero chimanunkhabe kwathu ku Katete, anaomba m'manja.

"Ooh, ndinu akum'mawa! Ndiye mlandu wadziwika. Mwatafuna mbewa zambiri inu, tsopano mafupa ake akubwezera."

Abemba ndi ife akum'mawa tili ndi chibale chonyozana chimene amati chimbuya. Wina akakunyoza sukwiya, umabweza, ndipo ukalephera kubweza wachititsa manyazi mtundu wonse.

"Mbewa ilibe mlandu, mayi," ndinatero. "Inu mumadya anyani, nyama yolimba ngati tayala, n'chifukwa chake nsagwada zanu sizinapume chikwerere basi ino."

Basi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, ndipo kusekako kunandibaya mpaka m'diso.

Tinanyamuka hafu pasiti eyiti. Titangotuluka m'tauni, cha ku Wusakile, tinadutsa phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi. Anthu ena amaliona ngati mulu wa miyala chabe. Ine ndikaliona ndimatembenuza nkhope, ndipo apa ndiyenera kunena chifukwa chake.

Fabiano ndinamuitanitsa ndine kuchokera kumudzi, ndipo ndine ndinamupezera ntchito pamgodi umene ndinkagwira. Anakwatira a Bibiana, anapatsidwa nyumba ya kampani, anabereka ana awiri. Kenaka inafika nthawi ija migodi inkachotsa anthu ntchito, ndipo pakati pa ife ogwira pansi pa nthaka panayenda mphekesera yoti oyamba kuchotsedwa ndi amene mafaelo awo a kuchipatala ndi onenepa. Palibe bwana ananena zimenezo, palibe mmodzi wa ife anaona pepala lake. Tinkangonong'onezana m'chikepe potsika. Basi tonse tinachira tsiku limodzi. Wa msana anawongoka, wa chifuwa ankatsokomolera m'chipewa. Ntchito ikatha nyumba inkathanso, ndiye munthu unkasankha wekha.

Ndi nthawi yomweyo pamene Fabiano anatupa pansi pa nsagwada. Osandiuza, anapita kukachipatala kakang'ono, kumene anamupatsa kalata yoti apite nayo kuchipatala chachikulu. Anabwera nayo kwathu Lamulungu masana, anandipeza ndikuotha pambaula. Tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga.

"Achimwene, akuti ndipite nayo mawa lomwe," anatero.

Ndinamufunsa ngati akufuna kuti ana ake akagone pansi pa mtengo. Ndinati ndi dzino chabe, adikire miyezi iwiri mndandanda wa ochotsedwa utuluke, kenaka ndidzamuperekeza ndekha. Ndinalanda kalata ija n'kuiponya pamakala. Sanakane, paja kwathu mng'ono satsutsa mkulu wake. Ndinamuuzanso kuti asauze mkazi wake, chifukwa akazi amalankhula pampopi.

Mndandanda unatuluka patapita miyezi inayi, ndipo mayina athu munalibe. Koma pamenepo n'kuti Fabiano sakuthanso kutsegula pakamwa, akumwa phala ndi kasupuni ka tiyi. Titamutengera kuchipatala anati tachedwa. Anamwalira mvula isanayambe. A Bibiana anatuluka m'nyumba yomwe ija ndinkati ndikuiteteza, anapita kwa abale awo ku Nkwazi, ku Ndola. Chaka chotsatira ndinalembetsa sukulu. Anzanga ankati ndikufuna kukwezedwa pantchito.

Tinadutsa njira yolowera kukomboni ya Luangwa, kenaka mlatho wa Kafue, pamene anthu ankakweza m'mwamba nsomba zomangidwa pachingwe kuti a m'magalimoto azione. M'basi munayamba kufunda. Tulo tinandibera, ndipo mosaganiza ndinayasamula kuyasamula kwenikweni, kumene ndinali nditakupewa miyezi yonseyi.

Pakamwa sipanatsekeke.

Ndinayesa kutseka, nsagwada inakana, ngati wina waikapo mwala. Malovu anayamba kutsika. Ndinafuna kulankhula, panangotuluka kubuula. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi nkhope ya Fabiano ndi kasupuni kaja. Ndinati basi, zayambika, ndipo zandiyambira pamsewu pakati pa alendo.

"Shikulu, mwaona chiyani chodabwitsa chonchi?" anafunsa mayi uja, akuyang'ana pawindo kufuna chimene ndaona. Atatembenuka n'kuona misozi, nthabwala zinatha.

Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Mumenyeni mbama ya mphamvu, imabwerera yokha!"

"Kamenyeni atate anu," anayankha mayiyo. "Uyu ndi wakum'mawa wanga, akafa ndizinyoza ndani?"

Anatulutsa fulasiki ya tiyi m'chikwama, ananyowetsa nsonga ya chitenje chake ndi tiyi wofundayo, n'kundigwiritsa kutsogolo kwa khutu. Anandiuza kuti ndisalimbane nayo, ndipume pang'onopang'ono ngati mayi wapakati. Sindikudziwa kuti panapita mphindi zingati. Mnofu unayamba kufewa, ndinasuntha chibwano pang'ono kumanja, ndipo ndinamva "kha". Mano anakumana.

"Tsopano musandinamize," anatero. "Kumene mukupita ndi kuchipatala?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Mwakhala nayo nthawi yayitali bwanji?"

Ndinamuonetsa zala zinayi, n'kunong'ona kuti miyezi.

"Amuna inu! Njinga ikangolira pang'ono mumathamangira kwa okonza, koma thupi mumadikira ligwe kaye. Mukamayasamula muziika chibakera pansi pa chibwano, azakhali anga ankatero. Koma chibakera si dokotala, mwamva?"

Kuchokera pamenepo ndinayenda chibakera chili pachibwano ngati munthu wojambulitsa chithunzi. Tinadutsa matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu, mathiraki aataliatali onyamula kopa, mphambano ya ku Luanshya, ndi pageti yolipirira msewu pamene dalaivala anadandaula ngati akumuzula dzino. Bwalo lalikulu la mpira litaonekera ndinadziwa kuti tafika. Tinatsika teni koloko itangokwana. Mayi uja, akukangana ndi onyamula mitolo yake, anandikuwira kuti ndikachira ndikamupeze pamsika adzandigulire mbewa ya mafuta. Dzina lake sindinafunse.

Kuchipatala, kuchigawo cha mano, ndinapeza mabenchi atadzaza. Ndinalembetsa, ndinalandira kakhadi, n'kukhala pansi. Apa matenda anga owerenga aja anandilanga. Pakhoma panali chikwangwani cha khansa ya m'kamwa, cha zithunzi zake, ndipo ndinachiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenaka n'kuyambiranso. Chizindikiro chilichonse cholembedwapo ndinkachipeza m'thupi mwanga. Ndinadzigwira pakhosi mpaka ndinapezapo kanthu kolimba, kamene mwina kakhalapo chibadwire. Pofika thwelofu koloko ndinali nditasankha kale nyimbo za pamaliro anga. Kawiri konse ndinaimirira kuti ndizipita, poganiza kuti chimene sunachimve sichinachitike. Kachiwiriko ndinafika mpaka pakhomo, ndipo ndi pomwepo pamene ndinamva, "Tembo! Kosimasi Tembo!"

Dokotala anali mayi wamng'ono, wochepera mwana wanga Veronika. Ataona dzina pakhadi anasiya Chibemba.

"Atate a Tembo, kwanu ndi kuti?"

"Ku Katete, mayi."

"Ife ndi a ku Chadiza. Khalani apa, tiyankhule chathu. Chavuta n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka za m'basi. Kenaka ndinanena chimene ndinabwerera: kuti mng'ono wanga anamwalira ndi chotupa cha pansagwada, mbali yomweyi. Za kalata sindinanene. Ndinkaopa kuti aseka mantha a nkhalamba, koma sanaseke. Anavala magolovesi, anaika zala kutsogolo kwa makutu anga onse awiri, n'kundiuza kuti nditsegule ndi kutseka pang'onopang'ono. Nsagwada inalira, ndipo iye anati, "Ndaimva." Anandiuza kuti ndiyese kulowetsa zala zitatu zoimika pakati pa mano, zinalowa ziwiri, movutikira. Anandisisita m'masaya ndi m'mbali mwa mutu, ndipo pena ndinadumpha. Anapapasa pakhosi ndi pansi pa chibwano nthawi yayitali, kenaka anaunika ndi tochi pansi pa lilime ndi m'nkhama monse.

"Pitani akakujambuleni, mubwere nacho chithunzicho," anatero.

"Mwapeza kanthu?"

"Ndikufuna kuona fupa ndi maso anga. Pitani, atate."

Kojambulitsa kunali mzere wina. Ndinabwerera cha m'ma thuu koloko, envulopu ili m'manja, ndikuigwira ngati mbale ya madzi otentha. Panjira ndinaisuzumira. Zilembo ndimazidziwa, koma mafupa sindinaphunzire kuwerenga.

Dokotala anakweza chithunzicho kuwindo, anachiyang'ana ndithu, n'kuchiika pansi.

"Chotupa sindikuchiona, pachithunzi kapena ndi zala zanga. Vuto lanu ndi la mfundo ya nsagwada ndi minofu yake."

Anafotokoza kuti pamfundopo pali kanthu kofewa ngati kamtsamiro, kamene kamathandiza fupa kuyenda bwino, ndipo kanga katopa ndi kusuntha malo. Anandionetsa kuti kumanja ndilibe mano atatu akumbuyo, choncho zaka zonsezi ndakhala ndikutafunira kumanzere kokha. Anandipatsanso kagalasi kuti ndione mano anga akutsogolo mmene aperesekera.

"Amayi kunyumba sanakuuzenipo kuti mumakukuta mano mukagona?"

"Amati anakwatiwa ndi chigayo."

"Akunena zoona. Ngakhale pano mwaluma mano. Tamasulani."

Ndinadabwa kupeza kuti ndinalidi nditaluma, mwamphamvu, ngati ndanyamula thumba la simenti.

"Izi zimakonda anthu a maganizo ambiri," anatero. "Mumaganiza chiyani, atate?"

"Kukwera mitengo kwa zinthu."

"Zikanakhala zimenezo tikanaluma tonse," anaseka, koma sanaumirire.

Anandiuza kuti kwa masabata angapo ndidye zofewa, ndizidula chakudya tizidutswa ting'onoting'ono, ndipo ndisayese mphamvu pa nzimbe. Kuthowa ndi kansalu kofunda anati ndinkachita bwino, ndipitirize m'mawa ndi madzulo, koma ndisiye kubisala nako kubafa. Anandiphunzitsa kakhalidwe ka pakamwa popuma: milomo yotseka, mano osakhudzana, lilime litagona kumwamba kuseri kwa mano. Anandionetsa kusisita tsaya mozungulira ndi nsonga za zala. Anafunsa za kuthamanga kwa magazi ndi zilonda za m'mimba asanandilembere mapiritsi a masiku ochepa, omwa nditadya, ndipo anandidzudzula chifukwa chomwa panado miyezi inayi ngati ndiwo. Anati ndibwerenso pakatha mwezi, tidzakambe za kapulasitiki kovala m'mano pogona ndi za mano oikirira.

"Kuwawa pang'ono kwa masiku awiri atatu munthu angathe kudzisamalira kunyumba," anatero. "Koma kukapitirira masabata awiri, kapena kukasintha kadyedwe kanu, imeneyo si nkhani ya kubafanso. Nsagwada ikadzakanikanso kutseka, musalole munthu aikankhe, pitani kuchipatala chapafupi. Ndipo pali zina zosadikira nazo n'komwe. Mumawerenga?"

"Ndimawerenga."

Analemba m'Chinyanja, ndi zilembo zikuluzikulu, n'kundipatsa. Nditaimirira ndinafunsa funso limene ndinkadziwa yankho lake.

"Mng'ono wanga uja, akanapita msanga, akanachira?"

"Sindinawaone, atate, sindingadziwe. Koma chotupa chimene chikukula si chinthu chodikira nacho. Chimenecho chokha ndinganene."

Ndinkayembekeza kuti ndituluka wopepuka ngati mwana wotsekera sukulu. Sizinatero. Ndinagula nthochi ziwiri pageti, ndinazidya pang'onopang'ono nditakhala pakhoma, ndipo ndinkangoona ngati pachitika cholakwika, ngati chiweruzo changa apatsa munthu wina.

Popita ku Nkwazi ndinakwera minibasi ina, teni kwacha, imene inandisiya pamsika. Kuchokera apo ndi njira zopapatiza, zodumpha ngalande, ndipo ndinasochera kawiri chifukwa pamene panali mtengo wa mango pamangidwa shopu ya mafoni. Alamu anga amakazinga vitumbuwa n'kumagulitsa pakhomo pawo. Atandiona anaika dzanja pachifuwa.

"Alamu! Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira."

"Ndiye mwasochera. Lowani, lowani. Koma mwaonda inu! Amake Veronika asiya kuphika?"

Akalamba alamu anga, msana wayamba kupindika, koma pakamwa ndi pomwe paja. Anandifunsa za ana mmodzimmodzi, anandiuza za awo, wina ali ku Lusaka, wina ku Solwezi. Anandiikira vitumbuwa zinayi m'mbale, ndipo nditalephera kuluma ndinaulula kumene ndachokera. Anandikalipira monga anachitira mayi wa m'basi uja, kenaka anakandiphikira mbatata yofewa yothira nsinjiro. Tinakhala pakhonde dzuwa likupendeka, ine ndikudya ndi supuni.

"Ndiye dokotalayo wati chiyani?"

Ndinafotokoza za kamtsamiro ndi za chigayo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka, mwina pofuna kuonetsa kuti ndimawerenga, ndinatulutsa pepala lija n'kuliwerenga mokweza. Kutupa pankhope kapena pakhosi. Chotupa chimene chikukula. Kutentha thupi pamodzi ndi kuwawa kwa nsagwada. Dzanzi pamlomo kapena pachibwano. Chilonda cha m'kamwa chosapola. Kulephera kutsegula pakamwa kapena kumeza. Kuonda popanda chifukwa. Kuwawa kwa nsagwada kobwera ndi kuthina pachifuwa. Pansi pake analemba kuti: ukaona chimodzi mwa izi, pita tsiku lomwelo.

Nditakweza maso ndinapeza kuseka kwatha.

"Tawerenganinso," anatero.

Ndinawerenganso, ndipo iwo ankapinda zala.

"Chotupa anali nacho. Mlomo unkachita dzanzi, ankadziluma osamva. Kuonda anaonda. Pakamwa panatseka. Zinayi, alamu. Apo alemba kuti chimodzi." Anayang'ana zala zawo zopindazo. "Zonse zinali pamaso panga, ine n'kumangomuthowa ndi madzi otentha ngati chitsiru. Ndinkati tipite kuchipatala, iye n'kumati ndi dzino chabe, ine n'kukhala chete. Mkazi wanzeru akanamukoka ndi malaya. Munthu miyezi inayi osapondako kuchipatala ngakhale kamodzi, mkazi wake ali pomwepo! Amayi anu ananena pamaliro kuti ndinawalekerera mwana wawo, ndipo sanalakwe. Chaka chilichonse ndimamuperekera Misa, koma kunena zoona ndimakhala ndikupempha kuti andikhululukire ine."

Mawu a amayi angawo ndinawamva tsiku la malirolo. Ndinali nditaima pomwepo, chipewa chili m'manja, ndipo sindinatsegule pakamwa.

"Zinapita zimenezo, alamu," ndinatero. Ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa.

"Kwa inu zinapita," anayankha mosakwiya, akutola mbale.

Ndinatsala ndekha pakhonde, ndipo ndinazindikira kuti mano ndaluma kale. Ndinayesa zimene anandiphunzitsa dokotala, milomo yotseka, mano otalikirana, koma ankangobwererana okha. Ulendowu ndinaupanga kuti ndikamve ngati ndikufa, ndipo ndinauzidwa kuti ndizidya mbatata. Ndinaphunzira kuti ululu umene wakusinthira kadyedwe suyenera kubisidwa, ndi kuti mantha anga a miyezi inayi akanatha tsiku limodzi pamtengo wa basi. Koma chimene sindinkachidziwa ndi ichi: zaka zonsezi ndinkayesa kuti kukhala chete kwanga kukupweteka ine ndekha, ndipo ndinkakutenga ngati chilango changa chimene ndikulipira mwaulemu. Sindinaganizepo kuti katundu amene ndinamukana pamaliro paja pali wina anamusenza.

M'mawa mwake ndinadzuka kusanatenthe, ndinavala juzi, ndinatenga kachikwama kanga kuti ndikapeze basi yoyamba ya ku Kitwe. Alamu ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pakampando, akukanda ufa wa vitumbuwa m'beseni.

"Mukupita osamwa tiyi? Dikirani, madzi ali pafupi kuwira."

Ndinaima pamenepo chikwama chili paphewa. Njira ya kumsika inali kumanja kwanga, ndipo ndinkamva makondakitala akuitanira. Ndinatula chikwamacho pansi, ndinavula chipewa, n'kugwada pafumbi. Mawondo analira kuposa nsagwada.

"Alamu, mwatani? Dzukani, anthu aona!"

"Fabiano anapita kuchipatala," ndinatero. "Anapita yekha, chotupa chikadali chaching'ono. Anamupatsa kalata yoti akaonedwe mawa lake. Anabwera nayo kwa ine. Ndinaiotcha ndine, ndipo ndine ndinamuletsa kukuuzani."

Manja awo anaima m'beseni. Pampanda panafika mayi wina ndi mbale, akufunsa ngati vitumbuwa zapsa.

"Lero kulibe," anatero alamu osatembenuka. "Mubwere mawa."

Anapukuta manja pachitenje chala chimodzichimodzi, anakankhira beseni pambali, n'kundisunthira kampando kena ndi phazi.

"Khalani apo, ndisamve za mawondo anu. Yambirani pamene analowa pakhomo panu. Anavala chiyani, ananena chiyani, inu munati chiyani. Musadumphe kanthu."

Ndinakhala pansi, ndipo ndinayamba.